Utoto wa m'Mapulasitiki ndi Umoyo wa Anthu a m'Wadi

(Mawu amene anakambidwa pa msonkhano wa chitukuko wa anthu a m'wadi, pa gawo la zaumoyo ndi zachilengedwe)



Nkhani ya mapulasitiki si yachilendo pa misonkhano ngati uno. Kawirikawiri imakambidwa monga nkhani ya zinyalala: majumbo otseka ngalande m'nyengo ya dzinja, mbuzi zofa zitameza mapepala a pulasitiki, ndi minda imene khasu likamatema limatuluka ndi nsanza za matumba. Lero ikambidwa mbali ina imene sikambidwakambidwa, ndiyo mtundu wa mapulasitikiwo. Ndowa yofiira, beseni lachikasu, mpando wobiriwira ndi jumbo yakuda, zonsezi sizinabadwe ndi mitundu imeneyi. Pulasitiki yosasakaniza imakhala yotuwa ngati kandulo, kapena yoonekera mkati ngati galasi. Mtundu umachita kuikidwamo ku fakitale, ndipo chimene chimaikidwacho ndi mankhwala. Ambiri mwa mankhwalawo alibe vuto lalikulu, koma ena amapangidwa ndi zitsulo zapoizoni, ndipo chitsulo sichitha ndi moto, sichiwola m'nthaka, sichisungunuka n'kutheratu m'madzi. Apa ndi pamene pagona nkhani ya lero.

Mmene mtundu umalowera m'pulasitiki

Ku fakitale pulasitiki imafika ngati timibulu tating'ono tofanana ndi mapira. Timibuluti timasakanizidwa ndi tina todzaza utoto, timene amisiri a ntchitoyi amatitchula kuti masterbatch, ndipo pa magawo 100 alionse a msakanizowo, a utoto amakhala ochepa chabe. Kenako zonse zimasungunulidwa pa kutentha kofika pafupifupi madigiri 200, n'kuthiridwa m'chikombole chopangira ndowa, mbale kapena chidole. Motero utoto wa m'pulasitiki suli pamwamba ngati penti wa pakhoma. Uli m'thupi lonse la chinthucho.

Utoto woyera umachokera ku mankhwala otchedwa titanium dioxide, omwenso amapezeka mu penti woyera. Wakuda ndi carbon black, umene ndi mwaye wosalala wopangidwa potentha mafuta. Wofiirira ngati katondo umachokera ku dzimbiri la chitsulo wamba. Wabuluu ndi wobiriwira kawirikawiri umachokera ku mankhwala okhala ndi mkuwa otchedwa phthalocyanine. Utoto wa mitundu imeneyi ukakhala mkati mwa pulasitiki yolimba, suopseza kwenikweni wogwiritsa ntchito.

Wodetsa nkhawa ndi wina. Kwa zaka zambiri, mtundu wachikasu chowala ndi wa lalanje unkapangidwa ndi lead chromate, mankhwala amene muli mtovu ndi chromium. Wachikasu wina ndi wofiira wowala unkapangidwa ndi chitsulo chotchedwa cadmium. Opanga katundu ankaukonda utoto umenewu chifukwa umapirira kutentha kwa makina, susuluka msanga padzuwa, ndipo wa mtovuwo ndi wotsika mtengo. M'pulasitiki ya mtundu wa PVC, yomwe imapangira mapaipi, makungu a mawaya a magetsi ndi nsapato zina, mtovu unkathiridwamonso kuti pulasitikiyo isawonongeke ndi kutentha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma si mkuyu uliwonse uli ndi nyerere: lero kuli utoto wachikasu ndi wofiira wopanda zitsulo zimenezi, ndipo diso silingasiyanitse ndowa yofiira yabwino ndi ndowa yofiira ya cadmium. Zimasiyanitsidwa ndi makina oyezera okha.

Zimene zitsulozi zimachita m'thupi

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Limanenanso kuti mwana wamng'ono akameza mtovu, thupi lake limayamwa wochuluka ka 4 kapena ka 5 poyerekeza ndi munthu wamkulu amene wameza wofanana. Mtovu umawononga ubongo umene ukukula. Mwana sadwala moonekera. Amangochedwa kugwira zinthu, amavutika kumvetsera m'kalasi, ndipo nthawi zina amachepa magazi. Makolo ndi aphunzitsi amayamba kumutcha waulesi kapena wosamva, osadziwa kuti vuto linalowera pakamwa zaka zapitazo. Ubongo ukawonongeka motere subwereranso mwakale. Kwa akuluakulu, mtovu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso. Umabisalanso m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo mayi akakhala woyembekezera umatuluka m'mafupamo n'kufika kwa mwana wosabadwa.

Umboni wa kuuma mutu kwa mtovu uli pafupi, ku Kabwe m'dziko la Zambia. Mgodi wa mtovu wa kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma kufikira lero ana a m'madera ozungulira mgodiwo amapezeka ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa cha fumbi ndi dothi limene amaseweramo. Mtovu wa ku Kabwe unachokera ku mgodi, osati ku mapulasitiki, ndipo unali wochuluka kutalitali kuposa umene ungatuluke pa dzala la pakhomo. Phunziro lake ndi lakuti mtovu ukalowa m'dothi umadikira mibadwo.

Cadmium amaunjikana mu impso, ndipo pamatenga zaka pakati pa 10 ndi 30 kuti theka lake lituluke m'thupi. Amawononga impso ndi kufewetsa mafupa. Ku Japan, m'chigawo cha Toyama, madzi ochokera ku mgodi anabweretsa cadmium mu mtsinje wa Jinzu umene alimi ankathirira mpunga. Anthu odya mpungawo, makamaka amayi, anayamba kumva ululu wosaneneka ndipo mafupa awo ankathyoka ndi kanthu kakang'ono. Nthendayo inatchedwa itai-itai, kuchokera ku mawu a Chijapani amene munthu amanena akamva kuwawa, ndipo boma la Japan linavomereza mu 1968 kuti gwero lake linali cadmium. Bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika cadmium ndi mtundu wa chromium umene uli mu lead chromate m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa kwa anthu.

Njira zinayi zimene utoto umatulukira

Utoto wotsekeredwa m'pulasitiki yatsopano umatuluka pang'ono kwambiri. Choncho munthu wokhala pa mpando wofiira kapena wochapira m'beseni lachikasu asade nkhawa. Ngozi imayamba pamene pulasitikiyo yatsegulidwa, ndipo zotsegulira zake ndi zinayi.

Choyamba, ndiponso chachikulu, ndi moto. M'makomo ambiri jumbo ndi imene imakolezera mbaula, ndipo madzulo dzala limayatsidwa ndi zonse zili momwemo. Pulasitiki ikapsa, zitsulo za mu utoto sizipsa nawo. Zina zimauluka ndi utsi monga fumbi losaoneka, limene amapuma ndi mayi amene akukupiza moto pamodzi ndi mwana ali kumsana. Zotsala zimakhala m'phulusa. Ndipo phulusa kuno silitayidwa wamba: limapangira chidulo chophikira therere, limatsukira mapoto, limasambira m'manja, limathiridwa m'dimba, limalowanso m'manyowa a Mbeya pamodzi ndi madeya ndi ndowe. Masamba, mpunga ndi fodya ndi zina mwa mbewu zimene zimayamwa cadmium m'nthaka mosavuta. Motero chimene chinali mtundu wa chidebe chikhoza kubwerera pa mbale ya ndiwo.

Moto umabalanso poizoni wina amene sanali m'pulasitikimo poyamba. PVC ikamapsa pa moto wa padzala imatulutsa utsi wowawa m'maso ndi pakhosi, pamodzi ndi mankhwala otchedwa dioxin, amene amagwera pansi n'kuunjikana m'mafuta a nyama. Ku Agbogbloshie, mumzinda wa Accra ku Ghana, kumene anthu ankawotcha mawaya ndi zipangizo zakale zamagetsi, kafukufuku amene anatuluka mu 2019 anapeza dioxin wochuluka kwambiri m'mazira a nkhuku zoyendayenda. Nkhuku za m'wadi muno nazo zimapalasa padzala.

Chachiwiri ndi chakudya chotentha, chamafuta kapena chowawasa. Kutentha kumafewetsa pulasitiki, ndipo zowawasa zimasungunula zitsulo. Thobwa losasa m'ndowa imene inabwera ndi penti, madzi a malambe kapena a bwemba m'chigubu chosadziwika kumene chinachokera, tchipisi chotentha m'jumbo yakuda, nsima yofundikidwa ndi pepala la pulasitiki losindikizidwa malemba amitundumitundu, zonsezi zimapatsa mankhwala mpata wolowa m'chakudya. Ziwiya zopangidwira chakudya zimapangidwa motsatira miyezo ina. Ndowa ya penti, ya mafuta a galimoto kapena ya mankhwala a mbewu sinapangidwire ntchito imeneyo, ngakhale itatsukidwa kangati.

Chachitatu ndi dzuwa ndi ukalamba. Beseni likakhala panja miyezi yambiri limasuluka, limachita mphumphu ngati ufa pamwamba, kenako limayamba kuthetheka. Tizidutswa take timagwera m'dothi, timakokoloka ndi mvula kupita kumtsinje ndi kudambo, ndipo utoto umene unali wotsekeredwa umakhala poyera.

Chachinayi ndi pakamwa pa mwana. Mwana wokwawa amayesa chilichonse ndi mano. Mu Ogasiti 2007 kampani ya Mattel inaitanitsa zidole pafupifupi 1 miliyoni zimene zinali pa msika ku America chifukwa penti wake anali ndi mtovu wopyola mlingo. Mu 2018 katswiri wa pa yunivesite ya Plymouth ku Britain, Andrew Turner, anayeza zidole zakale zapulasitiki 200 ndipo anapeza mtovu, cadmium ndi zitsulo zina m'zidole zina, makamaka zofiira, zachikasu ndi zakuda. Zidole zakale zochokera kunja zimafika m'misika ya kuno pamodzi ndi kaunjika, ndipo zina zinapangidwa malamulo a masiku ano asanakhwime.

Za pulasitiki yakuda ndi yobwezeretsedwa

Kubwezeretsa mapulasitiki akale kuti apangirenso katundu wina ndi ntchito yabwino, koma ili ndi msampha wake. Pulasitiki ikasungunulidwa, utoto wake wakale umapita nawo m'katundu watsopano. Zidutswa za mitundu yosiyanasiyana zikasakanizidwa zimatulutsa mtundu wosakongola, ndipo njira yachidule youbisira ndiyo kuthiramo utoto wakuda. Katswiri yemweyo, Andrew Turner, anayeza zinthu zapulasitiki zakuda zoposa 600 zogwiritsa ntchito pakhomo, ndipo m'zambiri anapeza mankhwala amene amapezeka m'makungu a ma TV ndi makompyuta akale, kusonyeza kuti zinyalala za zipangizo zamagetsi zinalowa m'katundu wa pakhomo. Utoto wakuda pawokha sindiwo poizoni weniweni. Vuto ndi chimene ukhoza kuphimba. N'chifukwa chake jumbo yakuda ndi chidebe chakuda chosadziwika bwino siziyenera kukhudzana ndi chakudya chotentha.

Pali achinyamata amene amasungunula mapulasitiki m'migolo n'kusakaniza ndi mchenga kuti aumbe njerwa zoyala pansi. Khama lawo ndi loyamikika, koma utsi wa mumgolo ndi umodzimodzi ndi wa padzala. Ntchitoyi ichitikire kutali ndi nyumba ndi sukulu, PVC ndi makungu a zipangizo zamagetsi zisalowe mumgolo, ndipo ana asayandikire. Chimodzimodzinso abale amene amagwira ntchito m'mafakitale a pulasitiki ku Blantyre ndi ku Lilongwe: amene amayeza ndi kusakaniza utoto wa ufa ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu. Ngakhale titanium dioxide ndi carbon black, bungwe la IARC linaziika m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa, makamaka fumbi lake likamapumidwa. Lamulo la mu 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito limapatsa olemba ntchito udindo woteteza antchito awo, ndipo wantchito amene amapita kwawo ndi zovala zafumbi amatengera fumbilo kwa ana ake.

Zimene malamulo anena

Mayiko ambiri anachitapo kanthu kale. Mayiko a mu European Union anayamba kuletsa cadmium m'mapulasitiki ena mu 1991, ndipo mu 2011 anakulitsa chiletsocho. Ku America, potsatira nkhani ya zidole ija, lamulo la mu 2008 linatsitsa mlingo wa mtovu wololedwa mu penti wa katundu wa ana kufika pa magawo 90 pa magawo 1 miliyoni alionse. Lipoti la bungwe la United Nations loona zachilengedwe la mu 2023 linawerenga mankhwala oposa 13,000 okhudzana ndi mapulasitiki, ndipo oposa 3,200 mwa iwo ndi odetsa nkhawa pa umoyo kapena pa chilengedwe. Mu Malichi 2022, ku Nairobi, mayiko 175 anagwirizana zoyamba kukonza pangano la dziko lonse lothana ndi kuipitsa kwa mapulasitiki.

M'dziko muno, boma linaletsa mu 2015 mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Opanga mapulasitiki anakatenga chiletso ku khothi, koma pa 31 Julaye 2019 khothi lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Mmodzi mwa amene analimbikira nkhondoyi, mayi Gloria Majiga-Kamoto, analandira mphotho ya Goldman mu 2021. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira chilengedwe, ndipo miyezo ya katundu wogulitsidwa ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards. Lamulo la ma micron 60 limayang'ana kupyapyala kwa pulasitiki. Silikuuza wogula chimene chili mu utoto wake. Ngakhale manambala 1 mpaka 7 amene amasindikizidwa pansi pa ziwiya amangonena mtundu wa pulasitiki: 3 ndi PVC, pamene 2 ndi 5 ndi imene imapangira ndowa, zigubu ndi mbale zambiri.

Mtovu si mdani wosagonjetseka. Kale unkathiridwa mu petulo, koma mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wotere pofika mu 2006, ndipo dziko lonse lapansi linamaliza kumusiya mu 2021. Kuno kwathu, kafukufuku wa bungwe la Lead Exposure Elimination Project atapeza mtovu wambiri mu penti wina wogulitsidwa m'masitolo, a Malawi Bureau of Standards anakhwimitsa kuyendera opanga penti. Chimene chinatheka pa petulo ndi pa penti chikhoza kuthekanso pa utoto wa m'mapulasitiki.

Zimene wadi ingachite

Anthu a m'wadi alibe makina oyezera zitsulo, koma njira zinayi zija zili m'manja mwawo, ndipo kuzitseka sikulira ndalama zambiri.

Pakhomo, mbaula ikolezedwe ndi udzu, zitsononkho kapena tinkhuni touma, osati jumbo. Padzala pakhale posiyana: zowola zipite kudzenje la manyowa, mapulasitiki asungidwe m'thumba lawolawo. Phulusa la chidulo, la m'dimba ndi la manyowa lichokere ku nkhuni, mapesi ndi zitsononkho zokha. Phulusa la pamene panapsera mapulasitiki likwiriridwe kutali ndi chitsime, dimba ndi posewerera ana. Chakudya chotentha chipakulidwe m'mbale zachitsulo kapena zadothi ndi kuvundikiridwa ndi chivundikiro chake. Thobwa ndi madzi akumwa zisungidwe mumtsuko kapena m'chidebe chopangidwira chakudya, chimene kawirikawiri chimakhala ndi chizindikiro cha kapu ndi foloko pansi pake. Chidebe chimene chasuluka n'kuyamba kuchita ufa chichotsedwe kukhitchini. Chidole chakale chimene penti wake akusupuka chisafike m'manja mwa mwana woluma zinthu, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Mwana wosowa ayironi ndi kashiyamu m'thupi amayamwa mtovu wochuluka, choncho usipa, matemba, nyemba ndi ndiwo zamasamba ndi mbali ya chitetezo chake.

Pamsika, makomiti akambirane ndi ogulitsa tchipisi, kanyenya, mandasi ndi thobwa za momwe angaperekere chakudya chotentha popanda jumbo, ndipo ogula azolowere kunyamula mbale kapena dengu lawo. Zinyalala za pamsika zisayatsidwe pakati pa anthu ndi chakudya. M'sukulu ndi m'malo osamalira ana a mkombaphala, dzala lisawotchedwe ana ali pafupi, ndipo makomiti aunikenso zidole ndi mbale zimene ana amagwiritsa ntchito.

Ku khonsolo, lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 limapereka mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'dera. Ma VDC akamalemba mapulani a midzi yawo, aikemo malo osonkhanitsira mapulasitiki ndi lamulo loletsa kuwotcha zinyalala pafupi ndi sukulu, chipatala, msika ndi mijigo. ADC ipititse zimenezi ku khonsolo kudzera mwa a Khansala, kuti zilowe mu pulani ya chitukuko ya boma lino, ndipo khonsolo ipemphe a Malawi Bureau of Standards kuti aziyeza zidole ndi ziwiya zogulitsidwa m'misika ya kuno. Mafumu ali ndi mawu amene amamveka kuposa chikwangwani chilichonse, ndipo alangizi a zaumoyo ali ndi mpata wa sikelo ya ana mwezi uliwonse.

Wadi ino imasonkha njerwa, mchenga ndi mphamvu kuti imange midadada ya sukulu. Midadadayo idzapindula pokhapokha ngati ana olowamo afika ndi ubongo wosavulala. M'mera mpoyamba, ndipo zaka zoyambirira za mwana ndizo zimene mtovu umawononga kwambiri. Choncho pempho la msonkhano uno ndi lakuti komiti iliyonse ya VDC ikambirane nkhaniyi m'mudzi mwake, ndipo pa msonkhano wotsatira wa ADC ibwere ndi malo amene yasankha osonkhanitsira mapulasitiki komanso dzina la amene adzawayang'anire.